Musagone m'nyumba yogula ndi maloko amene mwawapeza

Ana anga, tsiku limene mudzamalize kulipira nyumba, wogulitsa adzakupatsani makiyi omangidwa pa kachingwe n'kunena kuti, "Onse ndi amenewa." Alandireni ndi manja awiri, muthokoze, koma mawu amenewo musawadalire. Nthawi zambiri munthuyo sakunama ayi. Vuto ndi lakuti iye mwini sadziwa kuti makiyi a nyumbayo alipo angati ndipo ali m'matumba mwa ndani.

Taganizirani mmene nyumba zambiri zimamangidwira kwathu kuno. Mnyamata wa ku Ntaja kapena ku Nselema ali ku Joni, akutumiza ndalama pang'onopang'ono. Woyang'anira ntchito ndi mlamu wake, ndiye ali ndi kiyi. Mmisiri ankasunga simenti m'chipinda cham'kati, nayenso anapatsidwa wake. Nyumba itatha, mayi ake anatenga mmodzi kuti azikasesa, mlongo wake anadulitsa wina pamsika. Kenaka inalowa pa lendi. Pa Liwonde ndi pa Balaka alendi sakhalitsa: mphunzitsi, namwino, wapolisi, zaka ziwiri kapena zitatu kalata yosamutsidwa yabwera, wanyamuka. Aliyense ankadulitsira mkazi wake, ana ake ndi mtsikana wantchito, ndipo pochoka ankabweza makiyi awiri okha amene anapatsidwa polowa. Enawo anapita kuti, palibe anafunsa.

Palinso china chimene achinyamata ambiri sachidziwa. Maloko otchipa a m'kati mwa chitseko, aja a kiyi wamtali wokhala ndi mano kumapeto, amakhala ndi tizitsulo tiwiri kapena titatu tokha timene kiyiyo amanyamula potsekula. Chifukwa cha zimenezi mitundu ya makiyi ake ndi yochepa kwambiri, moti kiyi wa nyumba ina m'dera lomwelo akhoza kutsekula chitseko chanu. Tengani kiyi wotere mumuyang'anitsitse, mupeza nambala yodindidwa. Munthu amene anaiona nambalayo n'kuisunga m'mutu safunikanso kukuberani kiyi, amangofuna wina wa nambala yomweyo kwa ogulitsa zipangizo zomangira. Nyumba zambiri zomangidwa ndalama zitatsala pang'ono kutha zimaikidwa maloko amenewa, chifukwa pofika pa zitseko mwini wake amakhala atatopa.

Wakuba wothyola chitseko n'ngoipa, koma wolowa ndi kiyi amawononga zambiri. Ndinaziona pa banja lina loyandikana nalo. Anagula nyumba, anakolola bwino, matumba a chimanga anawasanja m'chipinda chosungiramo katundu. Mayi wa m'nyumbamo anayamba kuona kuti thumba la pamwamba likufota kukamwa kwake, ulusi wosokera uli womangidwa mfundo yosiyana ndi yake. Chitseko chili chokhoma, zenera lili bwinobwino. Patapita masabata, batire ya sola inasowa. Popeza panalibe pothyoledwa, maso onse anatembenukira kwa a m'nyumba momwemo. Mwana wa mchemwali wake wa mayiyo, amene ankakhala nawo kuti aziphunzira kusekondale, anabwezedwa kumudzi akulira. Zinadzadziwika mochedwa kuti ankalowa ndi mnyamata wina amene anakhalapo m'nyumbamo kale, pa nthawi imene banja lonse linali kumapemphero. Chimanga chinagulidwa china, koma mayiyo ndi mchemwali wake anatha nyengo yaitali osayenderana. Nkhani imeneyi imandipweteka mpaka lero, chifukwa mtengo wa maloko atatu sukanafika ngakhale pa batire ija.

Chimene chimatilepheretsa si ndalama kwenikweni, ndi manyazi. Wogulitsa nthawi zambiri ndi munthu womudziwa, wa mpingo umodzi kapena wa mzikiti umodzi, ndipo mumaopa kuti akaona kalipentala pakhomo adzati, "Ndiye kuti akundiyesa wakuba?" Njira yake ndi kunena msanga, pa nthawi yokambirana mtengo, mboni zili pomwepo. Nenani mwaulemu kuti, "Bambo, tikamaliza zonse ndisintha maloko, kuti mawa kukasowa kanthu dzina lanu lisatchulidwe." Amenewo ndi mawu oona, ndipo munthu wamkulu wamaganizo amawalandira bwino, chifukwa akumuteteza iyenso. Maloko akalewo mukachotsa, mubwezereni pamodzi ndi makiyi ake ngati akuwafuna. Ndalama ya maloko muiwerengere limodzi ndi mtengo wa nyumba, isadikire kuti mugule kaye mipando ndi makatani.

Posintha, yambani ndi chitseko cha kumbuyo, chifukwa cha kumaso chimaonedwa ndi odutsa pamsewu pamene cha kukhitchini sichionedwa ndi munthu. Kenaka cha kumaso, chipinda chosungira chimanga ndi feteleza, geti, ndi nyumba yaing'ono ya kuseri ngati ilipo. Ngati chitseko chili ndi loko wa kiyi wamfupi wafulati, simufunika kugula loko yense. Kachitsulo kolowetsamo kiyi kamagwidwa ndi sikuluwu imodzi ya m'mphepete mwa chitseko. Mukaimasula n'kupotoza kiyi pang'ono, kamatuluka. Pitani nako kusitolo kuti mugule kofanana utali, chifukwa kotalika kwambiri kamatulukira kunja ndipo wakuba amakagwira ndi chopanira n'kukathyola. Ngati ndi loko wa kiyi wamtali, chotsani yense, ndipo pa zitseko zakunja musaikenso wa tizitsulo tiwiri. Gulani nokha, paketi ili yomata, muwerenge makiyi musanachoke pakauntala. Kalipentala akamagwira ntchito khalani pomwepo, ndipo makiyi achoke m'paketi kulowa m'thumba mwanu.

Kalipentala yemweyo ayang'anenso felemu. Chiswe n'chambiri kuno, ndipo chimadya mtengo m'kati n'kusiya penti ili yosalala. Gogodani ndi chala, mukamva kulira kwa mphako dziwani kuti loko watsopano palibe chimene agwire. Onaninso mahinjesi, ena amangokhomedwa ndi misomali iwiri. Mpiringidzo wa m'kati musaunyoze kuti ndi wachikale, usiku umagwira ntchito kuposa maloko ambiri a m'sitolo. Koma ngati mazenera onse ali ndi zitsulo zowotcherera, kiyi wa chitseko azigona pamalo amodzi odziwika kwa aliyense, ngakhale mwana, pafupi ndi chitsekocho, kuti moto ukabuka anthu asamafufuze kiyi mumdima utsi utadzaza.

Tsopano mundimvetse bwino apa, chifukwa ena amamva theka. Loko watsopano sakupatsani umwini wa nyumba. Ku Machinga ndi ku Balaka malo ambiri ndi a makolo, ndipo m'mabanja ambiri amayenda kuchikazi. Bambo akhoza kukugulitsani nyumba imene anamanga pa malo a kwa mkazi wake, mwini mbumba osadziwa. Mwezi usanathe mudzaona amalume afika ndi alongo awo, ndipo kwa amfumu loko wanu sadzakuyankhirani mlandu. Musanapereke ndalama, kaonaneni ndi nyakwawa, funsani a kuchikazi, ndipo ngati ndi puloti ya m'tauni kafunseni ku khonsolo ndi ku ofesi ya zamalo kuti dzina lolembedwa ndi la ndani. Malamulo a zamalo anasintha mu 2016 ndipo anakonzedwanso mu 2022, choncho musadalire zimene agogo anu ankachita pogula dimba. Ngati mwini nyumba anamwalira, chenjerani kawiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kuwalanda katundu ndi mlandu. Mukapeza mayi wamasiye kapena mlendi akadali m'nyumbamo, musakhome chitseko katundu wake ali m'kati. Ameneyo achoke mwa dongosolo, pa tsiku logwirizana, ndipo zikavuta pitani kwa amfumu kapena kubwalo la milandu. Maloko amasinthidwa nyumba ili yopanda munthu, mapepala atasainidwa, inu musanalowetse ngakhale mphasa.

Inu amene mukugula muli ku Johannesburg kapena ku Durban, sankhani munthu mmodzi yekha woti asunge makiyi, ndipo achibale onse amve kuchokera pakamwa panu kuti ndi uje, kuti asamamuvutitse. Akasintha maloko akutumizireni chithunzi pa WhatsApp cha makiyi onse ali pamodzi, muwawerenge. Mukaikamo mlendi, lembani pa pepala la mgwirizano kuti mwamupatsa makiyi angati, ndipo akadzatuluka musinthenso kachitsulo ka chitseko chakunja musanalowetse wina. Wotulukayo muuzeni zomwezo zimene munauza wogulitsa uja, ndipo wolowayo adule yekha paketi ya makiyi ake.