Phiri likubisala mu utsi, kodi ndifufute zithunzizi?

FUNSO

Akatswiri, ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Mulanje. Mu Januwale ndinayamba kujambula phiri lathu pa foni, kuti pakutha pa chaka ana a m'kalasi mwanga adzaone momwe dera lino limasinthira. Zithunzi za m'dzinja zinatuluka bwino, mathithi ali mbee m'matanthwe. Koma za mu Seputembala ndi Okutobala n'zotuwa, phirilo silikuoneka bwino n'komwe. Chinanso, ndikaziika pamodzi zikukhala ngati ndinajambula mapiri osiyana. Kodi vuto ndi foni? Ndifufute zotuwazo n'kudikira mvula?

Mphunzitsi, Mulanje

YANKHO

Aphunzitsi, musafufute ngakhale chimodzi. Foni yanu ilibe mlandu. Kutuwako ndi fumbi ndi utsi wa m'chilimwe, pamene anyamata akutentha tchire posaka mbewa, alimi akusosa ndi kuotcha zinyalala m'minda, moto wolusa nawo uli m'phiri momwemo. Kamera inajambula zomwe zinalipo. Mvula ya chizimalupsa ikagwa, mukajambule m'mawa mwake, nthawi imene thanthwe la Chambe limaoneka ngati lasendera pafupi. Chithunzicho mukachiike pambali pa chotuwacho, ndipo mwana adzaona yekha chimene utsi umachita mumlengalenga inu musanalembe kalikonse pa bolodi.

N'chimodzimodzi ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julayi. Tsiku lanu lojambula likafika phiri litaphimbika ndi nkhungu, jambulani nkhunguyo. Ambiri amangotulutsa kamera tsiku lowala, n'chifukwa chake makalendala athu amaonetsa Mulanje wa nyengo imodzi yokha, pomwe inu amene mumakhala m'tsinde mwake mukudziwa kuti sakhala choncho chaka chonse.

Vuto lenileni ndi lachiwirilo. Ngati phiri likusintha maonekedwe pa chithunzi chilichonse, ndiye kuti mukuima malo osiyanasiyana. Sankhani malo amodzi apafupi, omwe mungafikeko ngakhale kuli matope, monga pakona ya kalasi kapena pa chitsa cha m'mbali mwa msewu. Malo okongola koma akutali mudzawaleka pofika Febuluwale. Tsamiritsani foni pa chinthu chosasuntha, khoma kapena mtengo wa mpanda, kuti izikhala pa msinkhu umodzi. Yatsani mizere ya pa kamera ija amati grid, ndipo nsonga ya phiri kapena denga la tchalitchi zizigwera pa mphambano imodzimodzi nthawi zonse. Kamera izikhala pa 1x, osakoka chithunzi ndi zala, ndipo ma filter onse muzimitse, chifukwa amabiriwitsa udzu umene unali wouma.

Ola lojambulira lizikhalanso limodzi. Ine ndimakonda m'mawa, dzuwa litangokwera pang'ono, chifukwa masana limafafaniza makwinya onse a matanthwe. Komabe musadabwe mithunzi ikamasuntha. Mulanje ali pa madigiri pafupifupi 16 kumwera kwa equator, choncho mu Juni dzuwa limatulukira chakumpoto n'kuyenda mbali yomweyo tsiku lonse, pamene mu Disembala limatulukira chakumwera. Khwawa lomwe linali mumdima m'chisanu lidzawala m'dzinja. Limenelo ndi phunziro lina la ana anu.

Muganizirenso zomwe zili patsogolo pa phirilo. Thanthwe silisintha kwambiri, ndipo tiyi amakhala wobiriwira pafupifupi chaka chonse, kotero chithunzi cha tiyi ndi phiri basi sichinena zambiri za nyengo. Pezani malo oti munda wa chimanga ulowemo: mizere yofiira mu Novembala, ngayaye mu Febuluwale, mapesi ouma m'masika. Mukapeza mtengo wa mango, maluwa ndi zipatso zake zidzakuwerengerani miyezi. Mitengo yachilengedwe monga tsamba ndi mombo ndiye yabwino koposa, pakuti imaphukira masamba ofiira mu Ogasiti ndi Seputembala, mvula isanadonthe n'komwe. Ngati mundawo ndi wa eni ake, kapena muli anthu akugwira ntchito, yambani mwapempha.

Kawiri pa mwezi n'kokwanira, kuonjezerapo masiku achilendo. Ndikupemphaninso kuti chaka chikatha musasiye. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, napolo anasiya zipsera zazitali m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, ndipo amene ali ndi zithunzi za kale, zojambulidwa pamalo amodzi, ndi okhawo angaonetse bwinobwino pomwe panali mitengo, pomwe panagumuka, ndi momwe pakumerera tsopano. Koma mvula ikamagwa yamphamvu musayandikire mitsinje ngati Likhubula chifukwa cha chithunzi. Madzi a m'phiri amafika mwadzidzidzi.

Posunga, dziwani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa masiku onse, choncho muzichitumiza ngati document. Muzikoperanso pa memory card kapena pa kompyuta ya kusukulu mwezi uliwonse, poti mafoni amatayika ndi kuwonongeka. Chaka chikatha musankhe zithunzi 12, mukatsukitse ku situdiyo, mulembe tsiku ndi ola kuseri kwa chilichonse, kenaka muwapatse anawo zitasokonezedwa kuti azisanje okha kuyambira Januwale.