Phunziro la sabata ino: Tchalitchi cha Khristu Mpulumutsi ku Moscow

Mumzinda wa Moscow, likulu la dziko la Russia, m'mbali mwa mtsinje wa Moskva, muli tchalitchi chachikulu cha Mpingo wa Orthodox chotchedwa Khristu Mpulumutsi. Akhristu a Orthodox ndi abale a Akatolika. Mipingo iwiriyi inagawikana kuyambira chaka cha 1054, koma Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unaphunzitsa kuti a Orthodox ali ndi unsembe weniweni ndi Ukaristia weniweni. N'chifukwa chake mbiri ya tchalitchi chawochi ili ndi phunziro kwa Mkatolika aliyense.

Mu 1812, asilikali a Napoleon wa ku France analowa mu Moscow, koma anabwerera atagonja. Mfumu Alexander I inalamula kuti pamangidwe tchalitchi chothokoza Mulungu chifukwa chopulumutsa dzikolo. Ntchito pamalo pamene tchalitchichi chili lero inayamba mu 1839, ndipo chinadalitsidwa mu 1883. Chinali chotalika mamita 103, ndipo pamakoma ake analembapo mayina a akuluakulu a asilikali amene anafa pankhondoyo.

Boma la Chikomyunizimu, losavomereza Mulungu, litatenga ulamuliro mu 1917, linatseka matchalitchi ambiri ndi kupha maepiskopi, ansembe ndi akhristu wamba osawerengeka. Pa 5 Disembala 1931, mu ulamuliro wa Joseph Stalin, tchalitchi cha Khristu Mpulumutsi chinaphulitsidwa ndi mabomba. Boma linafuna kumangapo nyumba yamisonkhano yotalika mamita oposa 400, yokhala ndi chifanizo cha Lenin pamwamba. Nkhondo ya 1941 inaimitsa ntchitoyo, maziko n'kudzaza madzi. Mu 1960 pamalopo panatsegulidwa dziwe losambiramo, ndipo kwa zaka zoposa 30 anthu ankasambira pamene kale pankaperekedwa Nsembe ya Ukaristia.

Nthawi yonseyo chikhulupiriro sichinathe. Chinasungidwa m'matchalitchi ochepa amene anatsala, m'ndende, ndi m'mabanja, makamaka ndi agogo aakazi amene ankabatizitsa adzukulu awo mobisa ndi kuwaphunzitsa mapemphero. Chikomyunizimu chitagwa mu 1991, dziwe lija linatsekedwa ndipo tchalitchi chinamangidwanso. Mkulu wa Mpingowo, Patriyaki Alexy II, anachidalitsa pa 19 Ogasiti 2000. Mwezi womwewo Mpingo wa Orthodox wa ku Russia unalengeza kuti akhristu mazanamazana amene anaphedwa m'nthawi ya mazunzo ndi oyera.

Tchalitchichi chakhalanso malo okumanirana abale ogawikana. Papa Francis atakumana ndi Patriyaki Kirill ku Havana mu Febuluwale 2016, Akatolika a ku Bari, m'dziko la Italy, anabwereka a Orthodox kachidutswa ka nthiti ya Nicholas Woyera. Mu Meyi 2017 kanafika m'tchalitchichi, ndipo khwimbi la anthu linaima pamzere kwa maola ambiri kudzapemphera.

Koma yesero la Mpingo woyandikana kwambiri ndi olamulira silinathe. Nkhondo ya ku Ukraine itakula mu 2022, Patriyaki Kirill anakhala kumbali ya boma la Russia, pamene ambiri mwa ophedwa mbali zonse ziwiri ndi akhristu a Orthodox. Papa Francis anamuchenjeza kuti mbusa asasanduke mnyamata wa wolamulira dziko.

Mfumu inamanga tchalitchichi, wolamulira wina anachigwetsa, ndipo olamulira ena anathandiza kuchimanganso. Zimene boma lapereka, boma lingathe kulanda. Chimene silinathe kulanda ndi chikhulupiriro cha anthu wamba, amene kalata yoyamba ya Petro (2:4-5) imawafanizira ndi miyala yomangira nyumba ya Mulungu. Parishi yotolera ndalama zomangira kapena kukonzera tchalitchi ikuchita bwino, komabe iyenera kusamala mphatso zobwera ndi zingwe, ndi kulimbikira katekisimu wa m'banja monga momwe ilimbikirira simenti ndi malata.

Mafunso okambirana ku mphakati:
1. Tchalitchi cha parishi chitatsekedwa lero, ndani angaphunzitse ana kupemphera?
2. Mpingo ungalandire bwanji thandizo la anthu andale popanda kutsekedwa pakamwa?

Sabata ino mabanja onse akupemphedwa kupempherera mtendere ku Ukraine ndi ku Russia, komanso umodzi wa akhristu onse.