Chonyowacho Chiikeni Pamwamba



Lero tikambirane za geni ya pa foni. Ambiri a ife tikugulitsa kenakake: wina ma abaya ndi ma hijab, wina nsapato za pa kaunjika, wina mafoni ochokera ku Joni. Shopu yathu ndi status ya WhatsApp ndi Facebook, ndalama imalowera pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kumutumiza pa basi. Apa palibe cholakwika. Malonda Allah anawaloleza, ndipo Mtumiki wathu (SAW) asanapatsidwe utumiki anapitapo ku Sham ndi katundu wa mayi Khadijah (RA). Nkhani yagona pa momwe tikugulitsira.

Mu Sahih Muslim muli hadith yomwe anaisimba Abu Hurairah (RA). Tsiku lina Mtumiki (SAW) anadutsa pa mulu wa chakudya chomwe munthu wina ankagulitsa. Anapisa dzanja mkati mwa muluwo, zala n'kutuluka zonyowa. Atafunsa, mwini wake anati chinanyowa ndi mvula. Mtumiki anamufunsa chifukwa chomwe sanaikire chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anachenjeza kuti wochita chinyengo sali m'gulu lake.

Taonani bwino: hadith siyikunena kuti munthuyu ananama ndi pakamwa. Vuto linali kasanjidwe. Chabwino pamwamba, chowonongeka pansi, iye n'kungokhala duu. Ma ulama amakutcha kubisa chilema kotereku tadlees, ndipo amati wogula akachipeza chilemacho ali ndi ufulu wobweza katunduyo.

Tsopano tiganizire za ife. Mu msika wa Limbe kapena pa Lizulu wogula amatembenuza yekha tomato, nsapato amaiyesa kaye. Wogula pa foni alibe dzanja loti apise m'mulu. Iye ali ku Mzuzu, inu muli ku Zomba, ndipo chomwe akuona ndi chithunzi chomwe mwasankha inuyo. Chithunzi chimenecho ndiye pamwamba pa mulu. Udindo wovundukula zapansi wagwera wogulitsa yekha.

Izi sindikulankhula ngati woyera ayi. Chaka chatha ndinali ndi nsapato ya pa kaunjika yokongola kwabasi, koma soli ya kumanzere inali itayamba kumatuka. Ndinajambula mbali ya kumanja, padzuwa la m'mawa. M'bale wina wa ku Mangochi anatumiza K18,000, ine n'kumutumizira nsapato. Patatha masiku anayi kunabwera chithunzi cha soli itayasama, ndi funso lalifupi: "Akhi, izi simunazione?" Ndinayankha kuti kaunjika ndi choncho. Koma zoona zake ndinaziona. Pa swala ya Isha usiku umenewo mtima sunakhazikike. Mawa lake ndinamubwezera ndalama yake, ya basi inalowa m'madzi, ndipo sanaguleponso kwa ine.

Ndiye tisanapositi katundu, tidzifunse zinthu zinayi izi.

Choyamba, kodi chithunzi ndi mawu zikunena zoona? Ngati batire ya foni imatha msanga, lembani. Ngati sikirini inasinthidwa, lembani. Ngati mwakoka chithunzi pa intaneti pomwe nsalu yomwe muli nayo ndi yopepuka, mwaika chouma pamwamba. Chimodzimodzi kukoleza mtundu ndi filter. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Msilamu asakhale wogulitsa mkuyu wotero.

Chachiwiri, malumbiro. "Wallahi ndi original." "Wallahi ndikuluza, ndinaoda modula." Bukhari ndi Muslim analandira hadith yotiphunzitsa kuti kulumbira kumayendetsa malonda koma kumafafaniza madalitso. Dzina la Allah si nyambo yokolera makasitomala. N'chimodzimodzi kulemba kuti "zatsala ziwiri zokha" pomwe kabati yadzaza. Limenelo ndi bodza, ngakhale lilembedwe ndi ma emoji.

Chachitatu, makomenti ogwirizana. Mtumiki (SAW) analetsa najsh, kutanthauza kukweza mtengo wa katundu pomwe iwe sukufuna kugula, cholinga wina akopeke. Nanga tikauza anzathu m'gulu kuti, "Pitani mukalembe kuti munagula ndipo n'zabwino," pomwe katunduyo sanamuonepo n'komwe? Mtengo sunakwere, zoona, koma cholinga ndi chomwecho: kupusitsa wachitatu yemwe sakudziwa kuti mwapangana. Wopempha ndi wolemba onse ali m'chinyengo. Mukafuna kumuthandiza mnzanu, ingomugawirani positi yake, basi.

Chachinayi, zikavuta timatani? Ena ndalama ikangolowa sayankhanso, wogula akadandaula amamubloka. Boma lili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission lomwe limalandira madandaulo a ogula, koma ndi angati angakwere basi kukadandaula za nsapato imodzi? Wogulitsa amadziwa kuti sapita. Apa ndi pomwe pamaoneka taqwa ya munthu: kubweza ndalama kwa yemwe sangakupezeni.

Nanunso ogula nkhaniyi ikukukhudzani. Kuuza munthu kuti "ndisungireni, nditumiza madzulo" musakufuna kugula, iye n'kubweza makasitomala ena, ndi kumulakwira. Kutumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama yalowa ndi kuba kwenikweni. Surah Al-Mutaffifin, ya nambala 83, imayamba ndi kuopseza anthu ofuna muyeso wodzaza akamalandira koma opungula akamapereka. Tonse timakhala mbali ziwiri: lero wogulitsa, mawa wogula.

Ndikudziwa wina akuti, "Ndikanena chilema sagula, nanga fizi ndi lendi zichokera kuti?" Sindikunamizani: nthawi zina sagulidi, kapena mumatsitsa mtengo. Zinthu zadula ndipo kutaya K3,000 kumawawa. Koma mu hadith ya Hakim ibn Hizam (RA), yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim, tikuphunzira kuti ogulitsana awiri akanena zoona ndi kulongosola zonse, malonda awo amadalitsidwa, koma akabisa ndi kunama, madalitsowo amachotsedwa. Phindu ndi baraka n'zosiyana. Phindu limaoneka pa uthenga wa Mpamba. Baraka imaoneka pamene ndalama yochepa yakwanira, ndi pamene munthu amene munamuuza zoona wabweranso, atatenganso mlamu wake. Riziki lanu silingakuphonyeni chifukwa choti mwanena zoona.

Ntchito ya sabata ino ndi yophweka. Tsegulani katundu yense amene mwapositi. Pa chilichonse dzifunseni kuti: wogula akanachigwira m'manja, akanapeza chiyani chomwe sindinalembe? Chimenecho chijambuleni, chikhale chithunzi choyamba. Ngati pali amene munamugulitsa mutabisa, nambala yake ikadali m'foni mwanu. Muimbireni lero, mubweze kapena mupemphe akukhululukireni, Tsiku lisanafike lomwe ngongole idzalipidwe ndi zabwino zanu.

Allah atipatse riziki la halaal lokhala ndi baraka, ayeretse malirime athu ndi zala zathu, ndipo atikhululukire pomwe tinabisa. Ameen.