Injini Ikamatsimphina

Ku Kabwazi galimoto yakale ndi chuma. Imanyamula matumba a soya, nyemba ndi mbatata ya kachewere kukafika nawo kumsewu wa M1. Wina akadwala usiku, ndi yomweyo imene imathamangira naye kuchipatala.

Bambo wina wa kumeneko ali ndi Land Rover ya mtundu wa Series III. Magalimoto amenewa ankapangidwa ku England kuyambira 1971 mpaka 1985. M'mawa wina mu July, kuli chisanu ndi nkhungu, galimoto yawo inalira mwachilendo. Boneti inkanjenjemera. Pachitunda galimotoyo inkachita ngati yamangidwa chingwe kumbuyo. Ku ekizozi kunkatuluka fungo la petulo wosapsa.

"Injini yatha iyi," anatero bambowo. "Ndingogulitsa ng'ombe, ndigule ina."

Mwana wa mlongo wawo, mnyamata amene anaphunzira umakaniko, anatchera khutu kenako anaseka. "Atsibweni, ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola. Injiniyi ikungopanga misi. Ili ndi miyendo inayi, koma ikuyendera itatu."

Mmene injini imagwirira ntchito

Mu injini ya galimoto imeneyi muli zipinda zinayi zotchedwa masilinda. Mu silinda iliyonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika ngati munsi mumtondo. Pisitoni imachita zinthu zinayi motsatana. Ikamatsika imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo. Ikamakwera imapanikiza mpweyawo. Kenako pulagi imathetheka, petulo amayaka mwamphamvu ndi kukankhira pisitoni pansi. Ikamakweranso imatulutsa utsi. Injini yogwira ntchito motere anaipanga Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876, ndipo mpaka lero njira yake ndi yomweyo.

Masilinda sayaka pamodzi. Amalandizana ngati amayi osinja mumtondo umodzi. Mu Land Rover imeneyi amayaka motere: 1, 3, 4, 2. Silinda 1 ndi yakutsogolo, pafupi ndi radiyeta. Mayi mmodzi akaphonya, khutu limamva kuti minsi yasokonekera. Misi ndi yomweyo: silinda ina yaphonya nthawi yake yoyaka.

Tiyeni tiwerengere. Galimoto itaima, injini ikhoza kuzungulira ka 800 pa mphindi imodzi. Silinda iliyonse imayaka kamodzi injini ikazungulira kawiri. Ndiye kuti imayaka ka 400 pa mphindi. Masilinda anayi pamodzi amayaka ka 1,600. Imodzi ikafa, pa mphindi iliyonse petulo amalowa ka 400 ndi kutuluka osagwira ntchito. Amenewo ndi makwacha akutulukira ku ekizozi.

Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Silinda nayonso imadalira zinthu zitatu: moto wa pulagi, petulo wosakanizika bwino ndi mpweya, ndi kupanikiza kokwanira. Fuwa limodzi likachoka, silinda siyaka.

Pezani kaye silinda yodwala

Ambiri amathamangira kumasula kabuleta. Ena amagula koyilo yatsopano chifukwa mnzawo anachira nayo. Uku ndi kumwa mankhwala matenda asanadziwike. Mnyamata uja sanagule kanthu. Anakoka handibuleki, anachotsa giya, anapinda manja a malaya kuti fani isawakole.

Anazimitsa injini, anazula waya wa pulagi 1, ndipo analizanso. Injini inanjenjemera kwambiri, kutsala pang'ono kuzima. "Iyi ili moyo," anatero. "Taichotsa ndipo injini yadandaula." Anabwezera wayayo. Silinda 2 inachitanso chimodzimodzi. Koma atazula waya wa silinda 3, kulira sikunasinthe ngakhale pang'ono.

"Mwamva, atsibweni? Munthu amene kujomba kwake sikudziwika kumunda, ndiye kuti sankalima."

Amakaniko ambiri amazula mawaya injini ikulira. N'zachangu, koma m'mawayamo mumadutsa magetsi oposa mavoti 10,000. Osawagwira ndi manja. Gwiritsani ntchito pulayazi yokutidwa ndi labala, apo ayi zimitsani kaye monga anachitira mnyamatayu.

Pulagi imanena zoona

Anamasula pulagi 3 ndi kuiyang'ana kunsonga. Pulagi ili ngati lilime la wodwala. Ikakhala yofiirira ngati dothi louma, silinda ikuyaka bwino. Ikada ndi mwaye wouma, petulo wachuluka kuposa mpweya. Ikanona ndi oyilo, malingi a pisitoni kapena njira za mavalavu zatha. Ikayera mbuu, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira. Ikaoneka yotsukidwa kuposa zinzake, kayikirani kuti madzi a radiyeta akulowa mu silinda.

Mwaye wouma ndi wofala kwathu kuno ku Dedza. Kumapiri mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi kunyanja ku Salima, choncho kabuleta yochunidwira kuchigwa imapereka petulo wambiri ikakwera kuno. Fumbi la mu October nalonso limatseka sefa ya mpweya. Land Rover zakalezi zili ndi sefa yokhala ndi oyilo pansi pake. Oyiloyo akasanduka matope, injini imabanika.

Pulagi 3 inali yonyowa ndi petulo. Petulo akufika, koma moto palibe. Funso linatsala: wolakwa ndi pulagi kapena waya?

Apa pali nzeru yosafuna ndalama. Anasinthanitsa pulagi 3 ndi pulagi 2. Matenda akanasamukira ku silinda 2, wolakwa akanakhala pulagi. Sanasamuke. Kenako anabwereka waya wa silinda ina ndi kuuika pa silinda 3. Pomwepo silinda 3 inadzuka. Waya wakale uja anali atang'aluka pansi, pamene ankakhudzana ndi chitsulo. Nkhungu ya m'mawa inanyowetsa mng'aluwo, magetsi nkumathawira kuchitsulo osafika ku pulagi. Mukaliza injini usiku mumdima, mukhoza kuona timoto tabuluu tikudumpha pa waya wotere.

Posintha mawaya, chotsani mmodzimmodzi. Mukazula onse nthawi imodzi ndi kusokoneza 1, 3, 4, 2, injini idzaphulika ngati mfuti kapena sidzalira n'komwe.

Misi ikamayendayenda

Nthawi zina palibe silinda imodzi yakufa. Pano iyi, pano iyo. Zikatero yang'anani chimene masilinda onse amadyera pamodzi. Tsegulani chivundikiro cha disitibyuta, muone ngati muli chinyezi kapena mng'alu. Onani mapoyinti. Akapsa kapena akayandikana kwambiri, moto umafooka. Mpata wake uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.4. Koyilo yotopa imagwira bwino m'mawa, nkuyamba misi ikatentha.

Musaiwale petulo. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, anthu amagula a m'zigubu. Ena mwa mafuta amenewa amakhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Thirani pang'ono m'botolo loyera, mulisiye kanthawi. Madzi amakhala pansi, petulo pamwamba.

Moto ulipo, petulo alipo, koma silinda sikuyaka

Latsala fuwa lachitatu. Makaniko amamanga geji pabowo la pulagi ndi kuyeza mphamvu ya kupanikiza mu silinda iliyonse. Manambala anayiwo ayenera kufanana kapena kuyandikana. Imodzi ikatsika kwambiri, amathiramo supuni ya oyilo ndi kuyezanso. Nambala ikakwera, malingi atha. Ikapanda kusintha, valavu yapsa kapena sikutseka bwino. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, kawirikawiri gasiketi yaphulika pakati pawo. Apa ndiye pofunika kutsegula injini, ndipo apa pokha ndi pamene nkhani ya ng'ombe ingayambike.

Magalimoto a dizilo, monga ma Land Cruiser ndi ma Hilux ambiri, alibe mapulagi othetheka. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Misi yake imachokera ku mainjekita, sefa yotsekeka kapena mpweya wolowa m'mapaipi. Mapaipi amenewo asiyireni makaniko, chifukwa dizilo wake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu.

Bambo aja anafunsa, "Nanga ndikanangoyenda nayo choncho mpaka titagulitsa soya?"

"Ayi, atsibweni. Petulo wosapsayo amatsuka oyilo m'makoma a silinda, nkutsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Waya mmodzi akanakudyerani injini yonse."

Anatuma mwana panjinga kukagula waya. Dzuwa lisanafike pamutu, Land Rover inali itasenza matumba, ikukwera chitunda ulendo wa ku Chimbiya.