Kagwiritsidwe Ntchito ka Cruise Control pa Msewu wa M1 m'Chigwa cha Shire

Cruise control ndi chipangizo chimene chimasunga liwiro la galimoto pa mlingo umene dalaivala wasankha, kotero kuti phazi limapumula osapondanso mafuta. Chinayamba kuikidwa m'magalimoto a Chrysler ku America mu 1958, ndipo lero chimapezeka m'magalimoto ena ogwiritsidwapo kale ntchito amene amaitanitsidwa kuchokera ku Japan. Batani lolembedwa SET limagwira liwiro limene galimoto ili nalo panthawiyo, la CANCEL limamasula, pomwe la RES limabwezeretsa liwiro lakale. Kuponda buleki nako kumamasula chipangizochi nthawi yomweyo. M'magalimoto ambiri sichigwira ntchito liwiro likachepera makilomita pafupifupi 40 pa ola.

Msewu wa M1 ukawoloka mlatho wa Kamuzu umakhala wathyathyathya kudutsa Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, ndipo kuwongoka kwake n'kumene kumanyenga, chifukwa msewu womwewo ndiwo njira ya ng'ombe zopita kukamwa madzi, mbuzi, ngolo, njinga za kabaza ndi mathirakitala okoka nzimbe. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, choncho phazi limene lafutukuka kutali ndi buleki limafikapo ng'ombe italowa kale paphula. N'chifukwa chake phazi lamanja liyenera kukhala pafupi ndi buleki, ndipo chipangizochi chizimitsidwe galimoto ikamayandikira msika, sukulu kapena dzuwa likalowa. Ngakhale mtundu watsopano wotchedwa adaptive, umene umayeza mpata pakati pa galimoto ndi inzake ya kutsogolo, sungadaliridwe kuti uzindikira chiweto choima.

Pamtsetse wokhotakhota wotsikira ku Thabwa kuchokera ku Blantyre chipangizochi chilibe ntchito, popeza mtundu wamba umangochepetsa mafuta osagwira mabuleki, ndiye galimoto imathamanga kupitirira mlingo. Pamenepo pamafunika giya yotsika. Chimodzimodzinso, chipangizochi sichiyenera kugwiritsidwa ntchito nyengo ya dzinja, pamene madzi ndi matope zimachotsera matayala mphamvu yogwira phula, komanso m'malo amene msewu unakumbika ndi madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023.

Choopsa chimene ambiri sachiganizira ndi tulo. Kutentha kwa m'chigwachi mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo dalaivala akayamba kusinza, pakanapanda chipangizochi phazi lake likanafooka n'kuchepetsa liwiro, koma chipangizochi chimapitiriza kuthira mafuta mpaka wina ataponda buleki.