Kodi Wotilangizayo Ali M'ngalawa Yomweyi?

Werengani: Machitidwe 27:6-44, 2 Akorinto 11:25

Thumba likaphwa pakati pa semesita, ambiri a ife timayamba kuganiza za kageni. Wina akazinga mandasi, wina aoda kaunjika, wina akufuna kukhala ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, wina wasiya nkhuku kumudzi kuti amayi aziyang'anira. Mpamba wake umakhala wochepa, ndipo nthawi zambiri ndi ndalama yotsalira pa fizi kapena yobwereka kwa achimwene. Ikalowa m'madzi, semesita yotsatira tikhoza kuimvera kunyumba. Malangizo okha ndiwo sasowa. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma wofunsa aliyense n'kumvera zonse amadyanso phula lomwelo.

Pa Machitidwe 27 pali bizinesi imene inamira chifukwa chosankha molakwika munthu womumvera. Ngalawa imene Paulo anakwera ali mkaidi inali yamalonda, yochokera ku Alesandriya, itanyamula tirigu kupita ku Italiya, ndipo munali anthu 276. Itaima pa doko lina la pachisumbu cha Krete, nyengo yosala kudya inali itapita kale, kutanthauza kuti miyezi ya namondwe inali itayandikira. Paulo anachenjeza kuti akapitirira adzataya katundu ndi ngalawa, mwinanso miyoyo. Koma Yuliyo, mkulu wa asilikali, anakhulupirira woyendetsa ngalawa ndi mwini wake. Ambiri anagwirizana nawo, kamphepo kabwino ka kumwera kanayamba kuomba, basi ananyamuka.

Tisafulumire kumuseka Yuliyo. Ife tikanamvera mkaidi kusiya katswiri? Komanso akatswiriwo sananame, pakuti vesi 12 likuvomereza kuti dokolo silinali labwino kugonerapo nyengo yachisanu. Chimene Yuliyo anaphonya ndi chakuti mkaidiyo sanali mlendo panyanja. Kalata yachiwiri kwa Akorinto, yolembedwa ulendowu usanachitike, imanena kuti Paulo anali atasweka naye ngalawa katatu. Ndipo iye analibe thumba la tirigu ngakhale limodzi loti apindule nalo. Chomwe akanataya ndi moyo wake basi.

Tiyeni tibwere nazo ku khola la nkhuku. Wogulitsa anapiye ndi chakudya chake akatiuza kuti tiyambe ndi 200 m'malo mwa 50, mwina sakunama kuti phindu limakula ndi chiwerengero. Nkhuku amazidziwa kuposa ife. Koma iye ndalama yake amalandira tsiku lomwe tagulalo. Anapiye akafa ndi kuzizira kwa mu June, kapena chitopa chikalowa chifukwa tachedwa ndi katemera, iye sataya kanthu. Sakhalaponso pa sabata lachisanu ndi chimodzi, pamene nkhuku zakula, ogula palibe, ndipo tsiku lililonse zikudya phindu lathu. Tim'funse za mtundu wa chakudya ndi masiku a katemera, pamenepo ndi mphunzitsi wabwino. Koma za kuchuluka kwa anapiye tifunse mayi wa mumpingo mwathu amene khola linamuthera kamodzi, n'kuyambiranso. Ameneyo ndiye Paulo wa nkhaniyi. Sadzatisangalatsa, chifukwa funso lake loyamba lidzakhala lakuti ogula tawapeza kale kodi.

Nanga ambiri aja? Athu ndi anzathu a m'chipinda. Tikawalawitsa chiponde chathu, onse amati n'chokoma, tiyambe msanga. Amatikonda, ndipo chikondi chimenecho ndi chomwe chimawaletsa kunena kuti mchere wachuluka. Ife ophunzira zauphunzitsi timadziwa kuti tikafunsa kalasi ngati amva, onse amavomera pamodzi, koma zoona zake zimaoneka polemba mayeso. Mayeso a malonda ndi ndalama. Munthu wosatidziwa amene wagula botolo, n'kubweranso sabata yotsatira ndi ndalama m'manja, watiuza zambiri kuposa anzathu khumi oyamikira. Amene wagula kamodzi osabweranso ndi woyenera kum'tsata n'kum'funsa mwaulemu chimene chinavuta. Wotenga pangongole mawu ake tisawawerengere kwambiri, popeza chaulere sichiwawa m'kamwa.

Mbali ya nkhaniyi imene sitiiwerenga kawirikawiri ili pa vesi 30. Usiku wa 14 wa namondwe, amalinyero anatsitsa kabwato mobisa, akunamizira kuti akukaponya anangula, cholinga chawo chili chothawa okha. Anthu odziwa nyanja aja anali ndi pothawira pawo, pamene ena onse analibe. Masiku ano kabwato kameneka timakaona m'magulu a pa WhatsApp olonjeza kuti ndalama yathu ibereka kawiri pa mwezi tikangobweretsa anzathu atatu. Wotikopayo amadya pa kulowa kwathu, ndipo gululo likagwa iye amakhala ataoloka kale. Wakatapila naye ali chimodzimodzi: amatilimbikitsa kukuza geni, atagwira kale laputopu yathu ngati chikole. Zimapweteka kwambiri wotikopayo akakhala wa m'kwaya mwathu, chifukwa timachita manyazi kufunsa mafunso kwa munthu amene timaimba naye.

Komatu taonani kuti Paulo sananene kuti amalinyerowo aponyedwe m'nyanja. Anauza Yuliyo kuti anthuwo akapanda kukhala m'ngalawa palibe adzapulumuke, ndipo ulendo uno Yuliyo anamvera, asilikali n'kudula zingwe za kabwatoko. Luso lawo linkafunikabe, kungoti liyenera kukhala m'ngalawa momwemo. Choncho kupemphera sikulowa m'malo mwa kufunsa mlangizi wa ziweto. Mkulu wa mpingo wokonda Mulungu akhoza kutithandiza pa za chilungamo pa sikelo ndi kubweza chakhumi, koma osadziwa mtengo wa thumba la chakudya cha nkhuku. Tim'lemekeze, titenge chimene akudziwa, chinacho tikafunse kwina.

Pali langizo limodzi lomwe limabwera ndi masamu olondola koma sitingalitenge. Wamalonda wodziwa adzatiuza kuti Loweruka ndi tsiku la ndalama, makamaka kumene tsiku la msika limagwera pa Sabata, ndipo sakunama. Kwa ife nkhani imeneyo inatha tisanagule mwanapiye woyamba. Funso lothandiza kwa iye ndi lina: popeza dzuwa likamalowa Lachisanu titseka, ogula athu tingawapeze bwanji Lachinayi ndi Lamulungu? Ena amayankha kuti ndiye sizingatheke. Ena amakhala pansi, natenga cholembera, n'kuyamba kutiwerengera malo odyera ndi mabanja amene amagula nkhuku pakati pa sabata.