Phunziro 7: Zotayidwa M'manja mwa Mmisiri

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: 1 Yohane 1:9.

Mfundo Yaikulu: Munthu sangathe kubisa tchimo lake ndi zigamba za ntchito zake, koma Mulungu amatola amene dziko lawataya, nawakhululukira, nawapatsanso ntchito m'nyumba Yake.

M'misika yathu muli amisiri amene moyo wao umadalira zinthu zimene ena ataya. Chitini chopanda kanthu amachisandutsa koloboyi, tayala lakutha amadulamo nsapato, ndipo ana amapinda mawaya napanga galimoto. Zinthu zimenezi sizidzikonza zokha; ulemu wonse umapita kwa mwini luso. Sabata lino tiona chimene ntchito yotere itiphunzitsa za uchimo ndi chikhululukiro.

SANDE: Chovala Choyamba (Gen. 3:7, 21)

Kodi Adamu ndi Hava anachitanji atazindikira kuti ali maliseche?

Kusoka koyamba kotchulidwa m'Baibulo kunali kuyesa kubisa tchimo. Masamba a mkuyu amafota msanga, ndipo ngakhale anawavala, awiriwo anabisalabe pakumva mau a Mulungu. Malaya a zikopa amene Yehova anawaveka anafuna kuti nyama ife. Pamenepo panaonekera chithunzi cha Mwanawankhosa wa Mulungu (Yoh. 1:29). Chophimba cha munthu chinachokera ku mantha. Cha Mulungu chinachokera ku nsembe.

LOLEMBA: Chigamba Chimene Chikulitsa Chiboo (Marko 2:21)

Telala aliyense adziwa kuti nsalu yatsopano ya thonje imafupika ikachapidwa. Ikasokedwa pa malaya akale isanaviikidwe m'madzi, imakoka ulusi wofookawo, ndipo pong'ambikapo pamakula. Yesu anatchula zimenezi poyankha funso la kusala kudya, kusonyeza kuti uthenga Wake suli chigamba choika pa chipembedzo cha miyambo.

Ifenso timasoka zigamba. Wina abera mnzake pa sikelo mkati mwa sabata, naonjezera chopereka pa Sabata. Wina sayankhulana ndi mbale wake, koma saphonya kwaya. Chopereka ndi nyimbo nzabwino, komabe sizingalowe m'malo mwa kulapa. Werengani Yesaya 64:6.

Kodi ndi ntchito yabwino iti imene mwakhala mukuiyala pamwamba pa tchimo losaululidwa?

LACHIWIRI: Kuchapa ndi Kudula (Mas. 51:1-12, Luka 19:8)

Mayi wosoka chofunda cha zidutswa sayamba ndi singano. Amayamba wachapa nsanzazo, kenaka amadula paliponse pamene pafumbwa, pakuti malo ovunda sagwira ulusi. Davide sanapemphe kuti tchimo lake lichepetsedwe. Analitchula poyera, napempha kutsukidwa ndi kulengeredwa mtima watsopano. Zakeyu analonjeza kupatsa aumphawi theka la chuma chake, ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamlanda. Kubwezako sikunagule chikhululukiro, koma kunali chipatso chake.

Kodi pali munthu amene muyenera kumbwezera kanthu, kapena kupepesa kwa iye, dzuwa la Lachisanu lisanalowe?

LACHITATU: Pamene Fanizo Lilekezera (Zek. 3:1-5, 2 Akor. 5:17)

Tichenjere kuti fanizo lathu lisatisokeretse. Koloboyi akhalabe chitini, ndipo dzimbiri limabweranso. Mulungu amachita zoposa kukonza. M'masomphenya a Zekariya, Yoswa mkulu wa ansembe anaima atavala zonyansa, Satana ali pambali kumneneza. Yehova sanakane kuti zovalazo zinali zonyansa, ndiponso sanalamule kuti zisokedwe. Analamula kuti zivulidwe, ndi kuti Yoswa avekedwe zokongola. Chilungamo cha Khristu ndi chovala chathunthu, chopanda ulusi ndi umodzi womwe wa ife. Timachilandira mwa chikhulupiriro, ndipo Mzimu Woyera amayamba kusintha wochivalayo.

LACHINAYI: Kuti Kasatayike Kanthu (Yoh. 6:12, 13, Filemoni 10-18)

Atadyetsa amuna ngati 5,000, Yesu analamula ophunzira kutola makombo, ndipo anadzaza mitanga 12. Iye amene anatha kuchulukitsa mkate sanafune kuti chidutswa chionongeke. M'chaputala chomwecho, ndime 39, akunena chimodzimodzi za anthu amene Atate anampatsa.

Onesimo, kapolo amene anachoka kwa mbuye wake, anali ndi dzina lotanthauza "waphindu," ngakhale kwa Filemoni anali atasanduka wopanda phindu. Paulo anambweza ngati mbale wokondedwa, nadzipereka kulipira ngongole yake. Umo ndi momwe Khristu anatichitira. Dorika wa ku Yopa anatumikira akazi amasiye ndi singano (Mach. 9:36-41), ndipo bungwe la Dorika, limene linayamba ku Battle Creek m'chaka cha 1874, linatenga dzina lake. Mpingo umene udziwa kupulumutsa chidutswa cha nsalu suyenera kutaya munthu.

LACHISANU: Mafunso Okambirana

1. M'buku la mpingo wanu muli maina amene anachotsedwa. Kodi ndani anawayendera anthu amenewa chichotsedwere? Werengani Agalatiya 6:1.

2. Mbale amene anagwa, nalapa, nabatizidwanso, kodi timamlandira ndi mtima wonse, kapena timangoyang'anabe pamsoko?

3. Kodi tingakhululukire bwanji munthu popanda kunena kuti choipa chimene anachita chinali chaching'ono?

Zochita: Kalasi lanu lisonkhanitse zidutswa za nsalu kwa atelala a kwanu, lisoke chofunda chimodzi, ndipo anthu awiri akachipereke kwa wokalamba kapena wodwala amene anasiya kubwera ku tchalitchi. Musapite ndi mau odzudzula, mukapemphere naye.

Mwachidule: Zigamba zathu zimang'ambika, koma amene aulula machimo ake amavekedwa chilungamo cha Khristu. Wokhululukidwayo aitanidwa kukatola ena, monga iye mwini anatoledwa.